Usakwere Basiyo Chifukwa cha Ine

Mtendere, Lusaka, Lolemba masana

Taonga,

Ndatseka shopu nthawi isanakwane. Kuyambira m'mawa ndalumikiza mkono wa malaya mozondotsa kawiri, singano yandibaya chala, ndipo ndakalipira kasitomala wosalakwa. Iwe uli ku saluni kukalukitsa tsitsi la ulendo wa mawa. Ine ndakhala pa tebulo lodulira nsalu, ndang'amba mapepala apakati m'kope la miyeso, ndikukulembera. Ndikati ndiyankhule pakamwa ndikuwa, anthu oyandikana nafe asonkhana pa mpanda, iwe ulowetsa maso m'foni, ndipo palibe chimene chimveke. Werenga mpaka kumapeto, usadumphe mzere. Ndakwiya, mwana wanga, ndipo sindikubisira.

Dzulo amayi a ku tchalitchi anabwera titaweruka mapemphero kudzakupempherera, popeza ukupita ku Mansa, m'chigawo cha Luapula, kukaphunzira unamwino zaka zitatu. Anadzaza nyumba mpaka ena kukhala pa zigubu pakhonde. Bana Mwape, mnzanga wachibemba amene anakudziwa uli m'mimba, anakufunsa mwachikondi, "Nanga Taonga, mtima uli bwanji? Wakondwa kuyenda kwathu ku Luapula?"

Iwe osadzutsa n'komwe mutu. Chala chili pa foni, unati, "Ine nayenda chabe. Ni ba mami bamene bafuna. Kuli ine vilivonse vili chabe bwino."

Ine ndinali nditanyamula thireyi ya makapu, ndipo ndinamva makapuwo akugundana m'manja mwanga. Amayi ena anaseka pang'ono kuti aphimbe nkhaniyo, wina nayambitsa nyimbo. Manyazi ndinachita, koma manyazi ndawazolowera, satenga masiku. Chimene chandikhala pakhosi ndi liwu lako lija, vilivonse. Ndikakufunsa ndiwo zoti tigule, vilivonse. Ndikakufunsa ngati upita ku kwaya, nizaona. Ndikakutuma, umapita, sukana, koma umapita ngati mapazi ndi obwereka. Tsopano liwu lomwelo ukufuna kulinyamula m'chikwama, ukalowe nalo m'wodi momwe mwagona anthu amene sangathe kudzitembenuza okha. Odwala si vilivonse, Taonga. Ndikubwereza, odwala si vilivonse.

M'mawa uno atate ako anati, "Musiyeni mwana, akakafika kumeneko adzazolowera." Ndinawayankha kuti kuzolowerako ndi kumene ndikuopa. Munthu amatha kuzolowera kugwira ntchito mtima uli kwina, n'kukalamba nazo. Ine ndikudziwa chifukwa ndinakhalapo munthu wotero, ndipo lero ndikuuza zimene zinandichitikira, kuphatikizapo nkhani imodzi imene ngakhale atate ako saidziwa.

Chaka choyamba cha ukwati wathu tinkakhala ku Kalikiliki m'chipinda chimodzi. Atate ako ankalawirira m'mawa kupita ku Indasitiriyo, ku fakitale yopanga misomali, ine n'kumatsala ndekha. Ku tchalitchi anatsegula kalasi yosoka, ndipo atate ako analembetsa dzina langa osandifunsa. Ndinapsa mtima. Ine ndinali nditaphunzira kwathu ku Katete mpaka giredi naini, ndinkadziona ngati munthu wa mu ofesi, ndiye wina andikhazike pa makina ngati wosadziwa kulemba dzina? Kukana sindinakane. Ndinkapita, koma mochedwa, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni manja ali pachifuwa. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Bana Mwape, ali ndi khanda kumsana. Iwo sukulu sanapiteko. Manambala a pa tepi yoyezera sankawadziwa, ndipo ankafunsa chinthu chimodzi kanayi mpaka kalasi yonse kuseka. Ine ndinkaseka kuposa onse. Ankatola nyuzipepala zakale kumsika n'kumakayesera kudula kunyumba, m'mawa n'kubwera nazo kudzaonetsa mphunzitsi.

Mphunzitsiyo anali telala wachikulire, a Tembo. Tsiku lina anatenga kansalu kamene ndinasoka, naona kuti msoko wake wawongoka kuposa wa aliyense, napukusa mutu. Anati, "Amayi, manja muli nawo abwino. Koma mtima mumausiya kuti pobwera kuno? Ine ndingaphunzitse wopanda manja abwino. Wosafuna sindingamuthe." Ndinatuluka ndikutsonya. Kunyumba ndinanena kuti makina ndi akale, mphunzitsi ndi wokondera, ndiponso maso akundiwawa. Miyezi iwiri isanathe ndinasiya. Ndinkaganiza kuti ndawakhaulitsa atate ako, osadziwa kuti iwo sanataye kanthu. Amene anatsala osadziwa kusoka ndinali ine. Ukumbukire zimenezi: ukachita chinthu mokokedwa kuti ukhaulitse amene akutuma, amene amapweteka ndi iwe.

Tsopano tchera khutu, chifukwa iyi ndiyo nkhani imene ndakhala nayo ndekha. Uli ndi zaka zitatu, ambuya ako, amayi a atate ako, anagwa ku munda ku Katete, mbali yakumanja n'kufa yonse. Anabwera nawo kuno ku chipatala, ndipo atatulutsidwa panasowa wowasunga. Alamu anga onse anali ndi zifukwa, wina nyumba yachepa, wina mwamuna salola. Atate ako anandiyang'ana, ine ndinati, "Abwere." Pakamwa ndinavomera, mumtima ndinakana, ndipo ndinakhala wokana miyezi yonse imene anagona pa matiresi pakona ya chipinda chathu.

Usaganize kuti sindinkawasamala. Zonse zofunika ndinkachita. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuchapa zofunda akadziipitsira. Amayi a ku tchalitchi ankabwera kudzaona, n'kumati mpongozi ngati uyu sapezeka. Koma iwo sankaona momwe ndinkaikira beseni pansi, mwamphamvu kuti limveke. Sankamva kutsonya kwanga ndikavundukula bulangete. Sankaona supuni ikulowa m'kamwa mwa munthu phala lina asanameze. Ambuya ako lilime linali lolemera, mawu ankatuluka movutikira, ndiye ine ndinayamba kuchita ngati makutu nawonso anafa.

Unali mwezi wa Okutobala, malata akutentha ngati chiwaya. Madzi tinkatunga ku kiyosiki yogulitsa madzi, kutali, ndipo mzere unkatalika kufika pamsewu. Tsiku limenelo ndinali nditangobwera ndi chigubu chachitatu, khosi likuwawa, iwe ukulira kumsana, ndinapeza anyowetsanso zofunda zimene ndinachapa m'mawa. Ndinazikokera panja, ndipo nditaima pakhomo ndinayankhula ngati ndikudziyankhulira ndekha, koma mokweza ndithu kuti amve. Ndinati, "Anthu ena amangomwa, kumwa, kumwa. Wotunga ndi wochapa ndi wina."

Tsiku lotsatira ndinawapatsa kapu ya madzi, anatembenuza mutu. Anati, "Ndilibe ludzu, apongozi." Madzulo chimodzimodzi. Phala ankalandira masupuni awiri basi. Tsiku lachiwiri zofunda zinali zouma. Lachitatu zouma. Taonga, ndikuuze zoona zokhazokha: ndinakondwa. Ndinati mumtima bola tsopano ndapumako. Munthu wamkulu akuuma ndi ludzu m'nyumba mwanga, m'kutentha kumene kuja, ine ndikukondwa kuti sindikuchapa.

Tsiku lachinayi kunabwera Bana Mwape kudzazonda odwala. Atangogwada pafupi ndi matiresi anakuwa, "Mayo ine! Bana Taonga, bwelani muone milomo iyi!" Milomo inali itang'ambikang'ambika, maso atalowa mkati. Anatsina khungu la pa dzanja, khungulo linangoima osabwerera. Anatunga madzi, nawanyamula mutu, koma ambuya ako anakukuta mano. Bana Mwape anawanyengerera, "Ambuya, imwani ko pang'ono. Ni chani kansi?" Anaika khutu pakamwa pawo, ndipo ine ndinali pafupi, ndinamva ndekha. Ambuya ako anati, "Ndikamwa ndinyowetsa. Apongozi atopa."

Bana Mwape sananditukwane. Anangondiyang'ana, kenaka anathamanga kukabwereka wilibala kwa ogulitsa malasha. Tinayala bulangete, tinawagoneka momwemo miyendo ikulendewera, n'kumakankhana m'njira za miyala za ku Kalikiliki mpaka ku kiliniki.

Kumeneko tinapeza nesi wachitsikana, wa msinkhu umene uli nawo iwe lero. Anali atanyamula kale chikwama kuti aweruke. Atationa anachiika pansi. Anafunsa kuti, "Ni ndani abasunga?" Ndinati ndine. Mtsikanayo anafunafuna mtsempha nthawi yaitali chifukwa yonse inali itabisala, mpaka anaupeza n'kuika diripi. Kenaka anaviika thonje m'madzi n'kumawanyowetsa milomo pang'onopang'ono, uku akuwayankhula, "Ambuya, mwachokela kuti? Ku Katete? Na ine bamai banga ni bakumawa." Madzi atayamba kuyenda m'thupi ambuya ako anadziipitsira pa bedi pomwepo, ndipo anayamba kulira ndi manyazi. Nesi uja anati, "Iyayi ambuya, musalile. Ndiye vamene tifuna ivi, thupi yayamba kusebenza." Anagwada, nawapukuta, nasintha nsalu, osakwinya nkhope.

Ndinamutsatira panja pamene ankasamba m'manja. Ndinamufunsa, "Kodi inu simunyansidwa?" Anaseka. Anati, "Amai, mphuno nili nayo monga imwe. Nimanyansidwa, nimalema futi. Koma nifuna bagone pouma."

Mawu amenewo usawaiwale, Taonga. Kufuna sikutanthauza kuti ntchito ikukoma. Iye ndi ine tinkachita ntchito imodzimodzi, beseni lomwelo, fungo lomwelo, msana kuwawa mofanana. Iye ankafuna kuti munthu agone pouma. Ine ndinkafuna kuti ntchito ithe. Ambuya ako, ndi thupi lakufa mbali imodzi, kusiyanako ankakumva kudzera m'manja mwathu.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu, ndipo kumeneko anatiuza kuti impso zavulala. Patapita masiku tinabwera nawo kunyumba. Tsiku limenelo, atate ako atapita ku ntchito, ndinagwada pafupi ndi matiresi. Ndinati, "Amayi, ndinalakwa. Imwani madzi mmene mungafunire. Mukanyowetsa kakhumi ndichapa kakhumi." Ndinawanyamula mutu, ndinauika pa mkono wanga, ndinadikira mpaka atatsegula pakamwa okha. Anamwa theka la kapu, napuma, nati, "Madzi a lero akoma." Anali madzi a ku kiyosiki komwe kuja, m'kapu yomwe ija ya pulasitiki.

Anakhala masabata atatu. Masabata atatu amenewo ndinawasamala ndi mtima wonse, ndipo ndinadabwa kuona kuti kutopa kunachepa ngakhale ntchito inachuluka. Koma impso sizinabwerere. Pa maliro atate ako anaimirira pamaso pa abale awo onse nandiyamika kuti ndinasunga amayi awo ngati wondibala. Ine ndinali pansi pakati pa azimayi, nditafunda chitenje kumutu, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Bana Mwape sanauzepo munthu. Ine sindinauzepo munthu mpaka lero. Madokotala sananene kuti ndinawapha, ndipo mwina akanapitabe ndi matenda awo, koma masiku anayi aja ndimawadziwa ndine. Ukawerenga, ngati ukufuna kuwaonetsa atate ako, aonetse. Ndatopa kutamandidwa ndi bodza.

Tsopano ukumvetsa chifukwa chimene makapu ananjenjemerera dzulo? Ndinamva mawu anga akale akutuluka m'kamwa mwako. Ndinaona mayi wina wachikulire ku Mansa, amene sindidzamudziwa, akuyang'ana nkhope yako n'kusankha kupirira ludzu m'malo mokuitana. Odwala amawerenga nkhope, Taonga. Alibe china chochita tsiku lonse. Nesi wosafuna safunika kumenya munthu kapena kumutukwana. Amangochedwa pang'ono akaitanidwa, amangopumira m'mwamba, ndipo wodwala amaleka kuitana. Mayeso ukhoza kukhoza, nzeru uli nazo kuposa ine. Yunifomu ikhoza kukukhala bwino. Koma ukapita ndi vilivonse, udzavulaza munthu, ndipo palibe adzadziwe koma iwe wekha.

Maliro atatha ndinakhala miyezi ingapo ngati wodwala. Kenaka m'mawa wina ndinakubereka kumsana, ndinayenda wapansi mpaka ku msika wa Mtendere. Bana Mwape, amene ndinkawaseka aja, anali ndi kashopu kawo ndi makina awiri, madiresi a ukwati atapachikidwa pakhomo. Ndinaima pamenepo manyazi akundidya, ndinati, "Ndiphunzitseni kusoka." Sanasiye kupalasa makina. Anafunsa, "Ni ndani akutumani?" Ndinati palibe. Anati, "Ba tate bake Taonga?" Ndinati sakudziwa n'komwe kuti ndili kuno. Apo ndi pamene anaimitsa makina, nakoka kampando ndi phazi, nati, "Nkalani."

Sanandinyengerere. Kolala yanga yoyamba anandiphwasulitsa kasanu ndi kawiri. Ndinkalira misozi ikugwera pa nsalu, koma m'mawa ndinkafika iwo asanatsegule. Ndinkafunsa mpaka kutopetsa, atsikana a m'mashopu oyandikana n'kumandiseka, ndipo sindinkasamala. Manja anali omwe aja amene a Tembo anawaona, ndiponso nthawi ndinali nayo yochepa kuposa kale chifukwa cha iwe. Chimene chinasintha ndi chimodzi, ndinkafuna. Zimene ndinalephera ndili mfulu wopanda mwana ndinazidziwa miyezi yochepa, ndipo makina amene wakula ukuwamva akulira m'nyumba muno anachokera pamenepo. Kuleza mtima kumene anthu amati ndili nako, kupirira, kumaliza ntchito pa tsiku limene ndalonjeza, zonsezo sindinabadwe nazo. Zinabwera pambuyo, zitapeza kuti ndatsegula chitseko ndekha. Munthu sangakukankhire m'khalidwe labwino, mwana wanga. Angakukankhire m'kalasi, m'tchalitchi, m'banja, koma ukakhala mmenemo usakufuna umatulukamo mmene unalowera, kungowonjezera mkwiyo.

Pali kulakwa kwina kumene ndiyenera kuvomera, ndipo uku ndinalakwira iwe. Uli ndi zaka khumi ndi zinayi atate ako anapsa phazi ku fakitale. Bala linavuta, linkanunkha, ang'ono ako ankathawa m'chipinda. Iwe, popanda wokutuma, unkadzuka kuwiritsa madzi a mchere, n'kumatsuka balalo usanapite ku sukulu. Unkawanyengerera atate ako ngati mwana akamakana, n'kumawaseketsa. Ndinaima pakhomo tsiku lina ndikukuyang'ana, ndipo ndinaona nesi wa ku kiliniki uja. Ndikanakhala wanzeru ndikanakhala chete, kapena kukufunsa kuti, kodi ntchito imeneyi umaikonda? Ine ndinailumphira. Ndinayamba kuuza kasitomala aliyense kuti mwana wanga adzakhala nesi. Ndinakusankhira maphunziro. Mafomu ndinakatenga ndine, pamzere ndinaima ndine, ndinakuimirira pamutu ukulemba. Sindinakufunse ngakhale kamodzi. Ndinakuchita zomwe atate ako anandichita ndi kalasi yosoka, ine amene ndinkadziwa bwino kuwawa kwake. Ndipo pansi pa mtima ndinkafuna kuti manja ako atsuke zimene manja anga anachita. Umenewo si mtolo wako. Chinthu chinali chako, ndinakulanda, ndinachigwiragwira mpaka unasiya kuchizindikira. Ndikhululukire.

Koma usathamangire kubisala kuseri kwa kupepesa kwangaku, chifukwa mkwiyo wanga sunathe. Uli ndi zaka makumi awiri. Pakamwa uli napo, ndimakumva ukukangana ndi anzako pa foni mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Zaka zonsezi unalephera bwanji kundiuza kuti, amayi, izi sindikufuna? Kapena kuti, ndikufuna, koma ndisiyeni ndichite ndekha? Unasankha njira yofewa. Ukati ni ba mami bafuna, ndiye kuti ukakalephera mlandu ndi wanga, ukakatopa mlandu ndi wanga, ukakakhala nesi wankhanza mlandu ndi wanga. Ukakhoza, udzati zinangochitika. Umenewo ndi mantha, Taonga, si ufulu. Ukuopa kufuna chinthu poyera chifukwa ukachifuna n'kulephera, anthu adzaona kuti zakupweteka. Inde zimapweteka. Ine kolala ija inandiliza pamaso pa msika wonse. Koma sindinaonepo munthu amene anakula osadutsa pamenepo.

Ndiye tamvera. Ngati sukufuna unamwino, nena. Usakwere basiyo chifukwa cha ine, kapena chifukwa amayi a ku tchalitchi anakupempherera kale. Kwa iwo ndikapita ndine Lamulungu, ndikaimirira n'kunena kuti mwana wasintha maganizo, ndipo amene akufuna kuseka akaseke. Malo ako kumeneko akatenga mtsikana wina amene akuwalirira. Koma ukatsala, usatsale kuti uzigona mpaka dzuwa kufika pamutu. Udzandiuze chimene ukufuna, kaya ndi tsitsi, kaya makompyuta, kaya malonda, ndipo ndidzakuthandiza ndi mphamvu zanga zonse, pakamwa nditatseka. Chimene sindidzalandiranso m'nyumba muno ndi vilivonse.

Ngati upita, pita wathunthu. Ukakhale kutsogolo m'kalasi. Chimene sunamve ufunse, akuseke, ufunsenso. Akakutuma kukataya zonyansa za wodwala, usayang'ane uku ndi uku kufuna wina woti umukankhire, nyamula. Chibemba chako cha m'misewu ya Lusaka sichikakwana, ukaphunzire kuyankhula ndi akuluakulu a kumeneko mwaulemu m'chinenero chawo, chifukwa munthu wodwala safuna kuvutikanso ndi Chingerezi. Ukalakwitsa mankhwala kapena kuiwala kanthu, ukanene msanga kwa wamkulu wako, usakabise monga ndinabisira ine. Akakudzudzula usakayambe kuti aphunzitsi ndi okondera, nyimbo imeneyo ndinaimba kale ine ndipo sinandipindulire. Padzakhala masiku amene udzadzuka usakufuna chilichonse, miyendo ikuwawa, kwanu kuli kutali. Masiku amenewo usadzadikire kuti mtima ukome. Udzayang'ane munthu amene wagona patsogolo pako, udzifunse chimene ukumufunira, ndipo udzayambire pamenepo. Ukadzatopa kwenikweni, udzatuluke panja, udzapume, udzandiimbire foni n'kunditukwanira ntchitoyo mmene ungafunire. Koma pamaso pa wodwala usadzatsonye. Ndikubwereza, Taonga, usadzatsonye.

Kalatayi ndiyiika pamwamba pa zovala m'chikwama chako, kuti uyipeze ukamalongedza madzulo ano. Usabwere kudzandiyankha lero, ndipo usandilirire kuti ndikhululuke msanga. Ndikufuna ugone nayo.

Kuyambira tsiku lako loyamba la sukulu ndakhala ndikukudzutsa ndine, kukugwedeza, kukuvula bulangete, kukuitana katatu kanayi. Mawa sindikudzutsa. Atate ako ndawauza, ang'ono ako ndawauza, palibe akugwedeze. Nthawi ya basi ukuidziwa, ndipo ukudziwa kuti minibasi za m'tauni zimadzaza msanga. Ukagona, ndidzadziwa yankho lako, ndipo ndidzakuphikira tiyi monga masiku onse popanda kukunyoza. Ukadzuka wekha, udzagogode pa chitseko changa. Udzandipeza nditavala kale, ndipo chikwamacho ndidzasenza ndine mpaka pamsewu.

Ndine mayi ako,
Esinati